Kuchokera ku noster mpaka nosso: mbiri ya liwu loti "-thu" m'zilankhulo zobadwa ku Chilatini

Pa 14 February chaka cha 842, abale awiri, Louis ndi Charles, amene anali adzukulu a mfumu Charlemagne, adakumana ku Strasbourg pamodzi ndi magulu awo ankhondo kuti alumbirirane zothandizana polimbana ndi mkulu wawo Lothair. Asilikali a Charles sankamva Chijeremani, ndipo Chilatini cha m'mabuku chinali chitawatalikira kale, choncho Louis adalumbira m'chilankhulo chimene anthu wamba a kumadzuloko ankayankhula tsiku ndi tsiku, ndipo msuweni wawo Nithard adasunga mawuwo m'zolemba zake. Lumbirolo likuyamba motere: *Pro Deo amur et pro christian poblo et nostro commun salvament*, kutanthauza kuti, chifukwa cha chikondi cha Mulungu ndiponso chifukwa cha chipulumutso cha anthu achikhristu ndi chathu tonse. Akatswiri amawatenga mawu amenewa kuti ndiwo akale kwambiri olembedwa m'chilankhulo chimene pambuyo pake chidadzakhala Chifalansa, ndipo pakati pawo pali liwu loti *nostro*, limene munthu wa ku Italy wa lero angaliwerenge osapunthwa, chonsecho munthu wa ku France masiku ano amalemba *notre*.

Zilankhulo zimene tikukambazi ndi zimene zidatuluka m'Chilatini cha anthu wamba a mu ufumu wa Roma. Aroma adayamba kulowa m'chigawo chimene lero muli Spain ndi Portugal m'chaka cha 218 Khristu asanabadwe, Julius Caesar adagonjetsa Gaul, kumene lero kuli France, pakati pa zaka za 58 ndi 50 Khristu asanabadwe, ndipo mfumu Trajan idalanda Dacia, kumene tsopano kuli Romania, m'chaka cha 106. Ufumu wakumadzulo utagwa mu 476, kayankhulidwe ka dera lililonse kadatsata njira yakeyake, moti pofika mu 813 msonkhano wa mabishopu ku Tours udalamula kuti ulaliki uzichitika m'chilankhulo cha anthu wamba chifukwa Chilatini cha m'tchalitchi sichinkamvekanso. Apa ndi pamene padachokera Chitaliyana, Chisipanishi, Chipwitikizi, Chifalansa, Chiromaniya, Chikatalani ndi zina zing'onozing'ono. Mawu ambiri a Chilatini adatayika m'njira kapena adasintha tanthauzo, koma liwu losonyeza umwini wa "ife" lidapulumuka m'zonsezi, tanthauzo lake lili lomwe lija. Chimene chidasintha ndi maonekedwe ake, ndipo popeza chiyambi chake nchimodzi ndiponso chodziwika bwino, liwuli limaonetsa poyera zimene chilankhulo chilichonse chidachita ndi katchulidwe ndi malamulo amene chidalandira ku Roma.

M'Chilatini liwuli linali *noster* pa dzina lachimuna, *nostra* pa lachikazi ndi *nostrum* pa gulu lachitatu la mayina osakhala achimuna kapena achikazi. Lidapangidwa ndi *nos*, kutanthauza "ife", ndi kachidutswa kakumapeto koti *-ter*, kamene ntchito yake inali kusiyanitsa zinthu ziwiri zoyang'anizana. Kachidutswa komweko kakupezeka mu *dexter*, cha kudzanja lamanja, mu *alter*, wina mwa anthu awiri, ndi mu *uter*, uti mwa awiriwo, ndipo Chigiriki chakale nacho chinali ndi *hemeteros* pa tanthauzo lomweli la "chathu". Motero pachiyambi penipeni *noster* sankangosonyeza umwini, ankalekanitsanso mbali: ichi nchathu, si chanu. Patapita zaka zambiri anthu a ku Spain adachitanso zomwezo mosadziwa, pamene adaphatikiza *nos* ndi *otros*, lochokera kwa *alter* yemwe uja, napanga *nosotros*, "ife enafe", limene pofika zaka za m'ma 1500 linali litakhala liwu wamba la "ife". Chikatalani chili ndi *nosaltres*, ndipo anthu oyankhula Chifalansa a ku Québec, ku Canada, amakonda kunena *nous autres*.

Munthu woyankhula Chichewa savutika kumvetsa mfundo yaikulu ya kagwiridwe ntchito ka liwuli, chifukwa ndi yomwe timatsata ifenso. Timati mwana wathu, ana athu, dziko lathu, chaka chathu, nyumba yathu, ndipo tsinde la "-thu" limakhala lomwelo pamene mgwirizanitsi amasintha potsata dzina la chinthucho, osati potsata eni ake. Mtaliyana nayenso amati *il nostro libro* pa buku, *la nostra casa* pa nyumba, *i nostri libri* pa mabuku ndi *le nostre case* pa nyumba zambiri, kaya eni akewo ndi amuna, akazi kapena osakanikirana. Kusiyana nkwakuti ife timasintha kumayambiriro ndipo tili ndi magulu a mayina oposa khumi, pamene iwo amasintha kumapeto ndipo magulu awo ambiri ndi awiri okha. Wophunzira amene adayamba wazolowera Chingerezi, chimene *our* wake sasintha, ndiye amene amaona ngati kugwirizana kumeneku nkwachilendo. Kwa ife chovuta nkungoloweza kuti dzina ili ndi la gulu liti.

Chilatini chinkasinthanso mathero a liwu potsata ntchito ya dzina m'chiganizo, moti mwininkhani anali *noster* pamene pamtherankhani anali *nostrum*. Zilankhulo zatsopanozi zidatenga maonekedwe achiwiriwa, ndipo popeza *m* wakumapeto anali atafooka kale m'kamwa mwa Aroma eni ake, chimene chidatsala chinali *nostru*. Ku Sardinia, ku Sicily ndi ku Romania amatero mpaka lero, ndipo Chitaliyana chidangosintha *u* kukhala *o*. Pa zinthu zambiri mpamene pali malire odziwika bwino, amene akatswiri amawajambula kuchokera ku La Spezia kukafika ku Rimini kumpoto kwa Italy: kumwera ndi kum'mawa kwa mzere umenewu kuchuluka kumasonyezedwa ndi vawelo, monga mu *nostri* ndi *nostre*, pamene kumadzulo kumasonyezedwa ndi *s*, monga mu *nuestros*, *nossos* ndi *nostres*.

Chisipanishi chili ndi *nuestro* chifukwa cha lamulo limodzi lokhudza mawu ambiri: *o* wamfupi wa Chilatini, akakhala pa phatikizo lotchulidwa mwamphamvu, adasanduka *ue*. N'chifukwa chake *porta* idakhala *puerta*, *mortem* idakhala *muerte*, *novum* idakhala *nuevo* ndipo *bonum* idakhala *bueno*. Chitaliyana chidachita zofanana nazo koma pokhapokha phatikizolo likathera pa vawelo, moti chili ndi *nuovo* ndi *buono* koma chidasunga *porta*, *morte* ndi *nostro*, pamene Chipwitikizi sichidagawe vaweloyu nkomwe, ndipo chimati *porta*, *morte*, *novo*. Ku Naples, kumwera kwa Italy, kuli njira ina: vawelo wapakati amasintha potengera amene anali kumapeto, kotero kuti chachimuna ndi *nuosto* koma chachikazi ndi *nosta*. Chiromaniya chidachita zosemphana ndi za ku Naples, pakuti kumeneko *o* amasanduka *oa* pamene phatikizo lotsatira lili ndi *ă* kapena *e*, ndiye chachimuna chidatsala *nostru* koma chachikazi ndi *noastră*, monga momwe *porta* idakhalira *poartă*. Pa zambiri, chachikazi ndi *noastre*, ndipo chachimuna ndi *noștri*, m'mene *s* adasanduka "sh" chifukwa cha *i* wakumapeto. Maonekedwe anayi amenewa ali ndi masinde atatu osiyana, ndipo wophunzira Chiromaniya amayenera kuwaloweza onse.

Chifalansa ndicho chidalipera kwambiri liwuli, ndipo m'pofunika kutsata bwino zimene zidachitika chifukwa zidabwera motsatizana. Choyamba, mavawelo akumapeto adafota. Vawelo *a* adasanduka *e* wofooka, ndipo ena onse adagwa, kupatula pamene kugwa kwawo kukadasiya makonsonanti ovuta kutchula monga *tr*, pamenepo padatsala *e* wofooka yemweyo wochirikiza. Zotsatira zake *nostru* ndi *nostra* adakumana pa *nostre* mmodzi, ndipo kuyambira pamenepo Chifalansa sichisiyanitsanso chachimuna ndi chachikazi pa liwuli: *notre père*, bambo athu, *notre mère*, mayi athu. Chachiwiri, *s* wokhala patsogolo pa konsonanti ina adaleka kumveka, ndipo izi zinali zitachitika pofika zaka za m'ma 1200, ngakhale alembi adapitiriza kumulemba kwa zaka mazana ambiri. Tchalitchi chachikulu cha ku Paris chimene adayamba kumanga mu 1163 chinkalembedwa *Nostre Dame*, ndipo wolosera wotchuka Nostradamus, amene adabadwa mu 1503, dzina lake linali Michel de Nostredame. Chachitatu chidachitika pa pepala: mu 1740 bungwe loyang'anira Chifalansa la Académie française, potulutsa mtanthauziramawu wake kachitatu, lidachotsa *s* wosamvekayu m'mawu ambiri ndi kuika kachizindikiro pamwamba pa vawelo, kamene tidakazolowera pa ŵ wa m'dzina loti Malaŵi ngakhale kuti ntchito yake kumeneko ndi ina. Apa *teste* idakhala *tête*, *forest* idakhala *forêt*, *hospital* idakhala *hôpital*.

Kalembedwe ka lero kamagawa *nostre* wakale pawiri. Liwuli likatsogolera dzina limatchulidwa mopepuka, ndipo limalembedwa *notre* popanda chizindikiro. Poyankhula mofulumira ngakhale *r* amamezedwa, munthu n'kumva ngati *not' maison*. Likaima palokha m'malo mwa dzina limatchulidwa molemera ndi *o* wotsekeka, ndipo limalembedwa *le nôtre* kapena *la nôtre*, monga ife tinganenere kuti galimoto yawo yafika koma yathu sinafike. Pa zambiri kugawikanaku nkokulirapo, chifukwa kutsogolo kwa dzina kudatsala *nos* yekha, wochokera ku *noz* wa Chifalansa chakale, pamene loima palokha ndi *les nôtres*. Anthu ambiri amadandaula kuti kalembedwe ka Chifalansa kamasunga zinthu zakufa, ndipo nthawi zambiri dandaulolo nloona, koma pa *notre* ndi *nôtre* chizindikirocho chikugwira ntchito yeniyeni, chifukwa mawu awiriwa amamveka mosiyana ndipo malo awo m'chiganizo ndi osiyana.

Chipwitikizi, chimene abale athu a ku Angónia ndi ku Tete amaphunzira kusukulu ponena *a nossa escola* ndi *o nosso país*, chidataya *tr* yense. Izi sizidachokere ku lamulo la katchulidwe lokhudza mawu onse, pakuti chilankhulo chomwecho chimati *mostrar*, kuonetsa, ndi *mestre*, mphunzitsi kapena katswiri, *str* ali momwemo. Kufotokoza kumene akatswiri ambiri amapereka nkwakuti liwu lotchulidwa kawirikawiri ndiponso mopepuka, litatsamira pa dzina lotsatira, limaperesuka msanga kuposa anzake, ndipo pambali pa *nostru* padabadwa mtundu wachidule umene udafala m'madera ena. Umboni wake ngwakuti mtundu womwewo ukupezekanso kunja kwa Portugal: kumpoto kwa Spain, ku Galicia amati *noso* ndipo ku Asturias kuli *nuesu* pambali pa *nuestru*, ndipo m'mapiri a ku Switzerland oyankhula Chiromanshi amalemba *noss* ndi *nossa*. Chisipanishi chakale nacho chinali ndi *nuesso* ndi *vuesso*, koma anthu ophunzira ankawaona ngati mawu a kumudzi, ndipo kalembedwe kadasankha *nuestro*. Komabe mtundu wonyozekawo udasiya mwana amene aliyense amamutchula lero. Mawu aulemu oti *vuestra merced*, "chisomo chanu", adafupika kukhala *vuesa merced*, napitirira kufupika mpaka *usted*, amene ndi "inu" waulemu wa Chisipanishi. Ku Portugal *vossa mercê* adadzera pa *vosmecê* mpaka kufika pa *você*.

Potchula *vuestro* ndi *vosso* takhudza mnzake wa *noster* amene sasiyana naye. M'Chilatini cha Cicero, mlembi wotchuka wa ku Roma, "chanu" anali *vester*, ndi *e*, koma zilankhulo zobadwa ku Chilatini zikusonyeza *o*: *vostro*, *vosso*, *votre*, *vostru*, ndi *vuestro* amene *ue* wake adachokera kwa *o*. Mlembi wa masewero Plautus, amene adamwalira mu 184 Khristu asanabadwe, ankalemba *voster*, ndiye mwina anthu wamba adasunga katchulidwe kakaleko pamene ophunzira adasintha, kapena adakapanganso potengera *noster*. Njira iliyonse mwa ziwirizi ikusonyeza chinthu chimodzi, kuti m'maganizo a oyankhula mawu awiriwa amayenda limodzi monga "-thu" ndi "-nu", ndipo chimene chagwera mmodzi chimagweranso mnzake.

Katchulidwe ndiko kamaoneka msanga, koma kusiyana kumene kumavutitsa wophunzira kuli pa kamangidwe ka chiganizo. Chilatini chinalibe timawu totsogolera dzina tofanana ndi *the* wa Chingerezi, monganso Chichewa chilibe. Timawuti tidabadwa pambuyo pake kuchokera ku *ille*, "uja", ndipo chilankhulo chilichonse chidayenera kusankha ngati kamawuka kangakhalire limodzi ndi liwu laumwini. Chitaliyana, Chikatalani ndi Chipwitikizi cha ku Portugal zidavomera: *la nostra casa*, *a nossa casa*. Ku Brazil kamawuka kakhoza kukhalapo kapena ayi. Chifalansa ndi Chisipanishi cha lero zidakana, moti zimangoti *notre maison* ndi *nuestra casa*, ngakhale Chisipanishi chakale chinkalola kunena *la nuestra casa*. Chiromaniya chidamatirira kamawuka kumapeto kwa dzina ndi kuika liwu laumwini pambuyo pake, *casa noastră*, *satul nostru*, ndondomeko yofanana ndi yathu ya "nyumba yathu" ndi "mudzi wathu". Ku Sardinia nakonso liwuli limatsatira dzina, *sa domo nostra*, koma kamawu kawo kotsogolera kadachokera ku *ipse*, osati ku *ille*.

Kusankha kumeneku kuli ndi zotsatira zake. Pofuna kunena kuti "mnzathu wina", Mtaliyana amangosintha kamawu kotsogolera nati *un nostro amico*, popeza *nostro* kwa iye ndi mfotokozi wamba amene angakhale ndi kamawu kalikonse. Msipanishi sangatero chifukwa *nuestro* wake watenga kale malo a kamawuko, ndiye amamusunthira kumbuyo, *un amigo nuestro*. Mfalansa alibe njira zonse ziwirizi ndipo amazungulira, *un de nos amis* kapena *un ami à nous*, pamene wa ku Romania amaonjezera kamawu kolumikizira kamene nakonso kamagwirizana ndi dzina, *un prieten al nostru*. Chitaliyana chili ndi lamulo linanso limene limagwetsa ophunzira ambiri: pa dzina la ubale likakhala la munthu mmodzi kamawu kotsogolera kamachoka, *nostro padre*, *nostra sorella*, koma kamabwerera pa ambiri, *i nostri fratelli*, ndi pa dzina lachikondi kapena lochepetsa, *il nostro fratellino*. Ndipo *la nostra casa* ndi nyumba yathu monga chimango, pamene *a casa nostra*, liwu laumwini lili kumbuyo, ndi chimene ife timati kwathu.

Pemphero la Atate Athu likuonetsa bwino nkhani ya malo a liwuli. M'Chilatini limayamba ndi *Pater noster*, ndipo ndondomeko imeneyi idasungidwa mu *Padre nostro*, *Padre nuestro*, *Pai nosso*, *Pare nostre* wa Chikatalani ndi *Tatăl nostru*. Kwa wa ku Romania imeneyi ndi ndondomeko ya masiku onse, koma kwa Mtaliyana, Msipanishi ndi Mpwitikizi, amene ponena za bambo owabereka amatsogoza liwu laumwini, kuliika kumbuyo kumamveka kuti munthu akuitana mwaulemu ndiponso mwa chitchalitchi. Koma Chifalansa chidatembenuza, *Notre Père*, chifukwa *notre* sangathe kuima kumbuyo kwa dzina. Amene wadabwa kuona *tată* wa ku Romania akufanana ndi "tate" wathu asafulumire kufunafuna ubale: onsewa ndi mawu ochokera ku kayankhulidwe ka makanda, amene amapezeka m'zilankhulo zambiri zosakhudzana.

Gulu lachitatu la mayina a Chilatini lidatha, koma liwu laumwini limaulula pamene lidabisala. M'Chiromaniya muli mayina ambiri amene amakhala achimuna akakhala amodzi ndi achikazi akachuluka, moti mpando wathu ndi *scaunul nostru* koma mipando yathu ndi *scaunele noastre*. Chitaliyana chili ndi ochepa otere, monga *il nostro braccio*, mkono wathu, ndi *le nostre braccia*, mikono yathu. Chisipanishi chidasunga *lo nuestro*, chimene sichiloza chinthu cha dzina koma "zathu", ndipo anthu awiri okondana amatchula chibwenzi chawo motero.

Kulimba kwa *noster* kumaoneka bwino tikamuyerekeza ndi anzake. Chilatini chinali ndi *suus* pa "chake" ndi "chawo" pamene mwini wake ndi mwininkhani yemweyo, ndipo posafuna kusokoneza mmodzi ndi ambiri, madera ena adabwereka *illorum*, "cha aja", amene adabala *loro* ku Italy, *leur* ku France ndi *lor* ku Romania. Spain ndi Portugal adakhalabe ndi *su* ndi *seu*, ndipo mpaka lero *su casa* ingakhale nyumba yake, yawo kapena yanu. Nayenso *vuestro* adazimirira m'kayankhulidwe ka tsiku ndi tsiku ka maiko a ku America oyankhula Chisipanishi pamene *vosotros* adasiyidwa, ndipo *vosso* ku Brazil watsala m'mapemphero ndi m'mawu a ulemu wa m'maofesi. Zimene zidagwetsa *vuestro* ndi *vosso* ndi nkhani za ulemu, zofuna kupeza njira yoyenera yoyankhulira ndi munthu wamkulu, ndipo "ife" sakhudzidwa kwenikweni ndi vuto limenelo. Liwuli lidafika pokhala dzina palokha: *i nostri*, *los nuestros*, *les nôtres* ndi *ai noștri* onse amatanthauza anthu athu, kaya ndi asilikali, timu ya mpira kapena a pabanja. Aroma ankatchula nyanja ya Mediterranean kuti *mare nostrum*, nyanja yathu, dzina limene boma la Italy lidapatsa ntchito yopulumutsa anthu othawa kwawo panyanjapo kuyambira mu October 2013 mpaka mu October 2014, ndipo gulu la zigawenga la ku Sicily limadziwika kuti *Cosa Nostra*, chinthu chathu. Ku Brazil munthu akadzidzimuka amafuula kuti *Nossa!*, chidule cha *Nossa Senhora*, dzina laulemu la Maria, ndipo ambiri olinena saganizanso za chipembedzo kapena za umwini.

Mpikisano weniweni wabwera pamene "ife" mwini wake wasintha. M'Chifalansa choyankhulidwa *on* walowa m'malo mwa *nous* monga mwininkhani, koma alibe liwu laumwini lakelake lotanthauza "chathu", choncho anthu amati *on prend notre voiture*, titenga galimoto yathu, ndipo *notre* akugwirabe ntchito. Ku Brazil *a gente*, amene poyamba ankatanthauza "anthu", tsopano ndi "ife" wa masiku onse, ndipo wabala *da gente*, moti *a casa da gente* imamveka pambali pa *a nossa casa*. M'zilankhulo zina za Chikiliyo zimene zidabadwa m'minda ya akapolo kuchokera ku Chifalansa, *notre* sadaloweko konse, ndipo mlowam'malo yekha ndiye amasonyeza umwini. Ku Mauritius amamutsogoza, *nou lakaz*, nyumba yathu, pamene ku Haiti amamuika kumbuyo, *peyi nou*. Popeza *nou* wa ku Haiti amatanthauza "ife" komanso "inu" wa anthu ambiri, mawu oti *peyi nou* angakhale dziko lathu kapena dziko lanu, ndipo womvera amazindikira potengera amene akuyankhula ndi amene akuuzidwa.